Fulati ndi yochepa kapena katundu ndiye wachuluka?

Mayi a Tadala:
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano? Ndikupempha nzeru. Tasamuka ku Area 25, komwe tinali m'nyumba ya zipinda zitatu yokhala ndi sitolo yosungiramo katundu ndi bwalo, tabwera m'fulati ya m'mwamba kufupi ndi tauni chifukwa thiransipoti ya kuntchito ndi ya ana kusukulu imatimaliza. Muno muli zipinda ziwiri zogona, balaza lomwe ndi podyeranso, kakhitchini ndi kakhonde. Tilipo 6: ine, bambo a kunyumba, ana athu atatu a zaka 11, 7 ndi 3, komanso mwana wa achemwali anga amene ali Fomu 2. Katundu yense tinabwera naye: masofa a 3-2-1-1, display, tebulo lodyera la mipando 6, mawadilopu awiri, masutikesi. Pabalaza tikumadutsa chammbali. Ndakhala ndikuona zithunzi za nyumba za minimalist pa Pinterest, zowala, zopanda katundu wambiri, ndipo mtima wanga uli pamenepo. Kodi zingatheke pa banja ngati lathuli? Ndiyambire pati?

aNabanda (oyang'anira gulu):
Takulandirani mayi. Anthu asanayambe kuyankha, tiuzeni kukula kwa zipindazo, chifukwa mukangoti chaching'ono aliyense aganiza chake. Ndiponso anawo, anyamata ndi angati, atsikana ndi angati? Funso limeneli ndi lalikulu kuposa la masofa.

Mayi a Tadala:
Wamkuluyo ndi mnyamata, wa zaka 7 ndi mtsikana, wamng'onoyo akugonabe ndi ife. Mwana wa achemwaliyo ndi mtsikana. Ndayeza ndi tepi ya osoka. Balaza ndi mamita 4 ndi theka mulitali, 3 ndi theka mulifupi. Chipinda chathu ndi 3 ndi theka ku 3, cha ana 3 ku 3. Pakadali pano mnyamatayo akugona pa sofa, m'mawa uliwonse akumadandaula khosi.

Bambo a Yamikani:
Mayi, ine ndine kalipentala ku Mchesi kuno. Masofa ngati anuwo timapanga tsiku ndi tsiku, ndiye miyezo yake ndimaidziwa. Tiyeni tiwerengere limodzi. Balaza lanu ndi masikweya mita pafupifupi 16. Sofa ya anthu atatu imatalika mamita 2, ya awiri mita ndi theka, za mmodzimmodzizo pafupifupi mita iliyonse chifukwa cha mikono yake yonenepa ija. Zonsezo kuchoka pakhoma zimatuluka masentimita 90. Pamenepo masikweya mita 5 apita. Tebulo la mipando 6, kuti munthu akoke mpando n'kukhala bwino, limafuna masentimita 75 mbali zonse, ndiye likudya 7 kapena 8. Display ndi katebulo ka pakati titi 2. Mwatsala ndi malo a mkeka umodzi basi. Katunduyo anapangidwira balaza la ku 25, osati la fulati.

aNajere:
Ine ndiye musandinamize. Nyumba za pa zithunzi zija simukhala anthu. Mulibe mwana, mulibe chigubu, mulibe mlendo. Kwathu kuno munthu akalowa pabalaza n'kupeza sofa imodzi ndi khoma loyera, amatuluka akunena kuti pakhomo paja zinthu zavuta. Ndipo display mukufuna kuichotsayo ndi mmene mumakhala mbiri ya banja: mbale za pa ukwati, zithunzi za ubatizo, chikho chimene mwana anapata kusukulu. Mukachotsa zonsezo mwatsala ndi chipinda cha ku loji.

Mayi a Pemphero:
aNajere ndakumvani, komatu ndifunse: mbale zili m'display zija munadyeramo liti? Ine kuno ku Nkolokosa mbale za pa ukwati ndinazitulutsa, ndi zimene tikudyera tsiku ndi tsiku, zapulasitiki zothetheka zija zinapita. Zithunzi ndinasankha zochepa, ndinaziika m'mafulemu ofanana pakhoma limodzi. Alendo tsopano amaima n'kuziyang'ana, n'kufunsa kuti awa ndi ndani. Kale zinkabisika kuseri kwa matambula.

aNajere:
Mukadyera tsiku ndi tsiku ana aswa. Kenako akabwera abusa mudzawapatsira mu chiyani?

Mayi a Pemphero:
M'zotsalazo amayi. Abusa ndi mmodzi, mbale zinali dazeni ziwiri.

aNabanda:
Ndiloleni ndilankhule monga munthu amene wakhalitsa m'nyumba yaing'ono. Nyumba zambiri za ku Area 18 kuno zinamangidwa nthawi imene likulu limasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, paja kusamukako kunali 1975. Zipinda zake n'zazing'ono, koma muno tinalereramo ana athu ndi a abale, ndipo alendo sanasowepo pogona.

Nkhawa ya aNajere ndi yoona, kuti pakhomo pa Mmalawi payenera kulandira anthu. Pomwe tikusiyana ndi apa: chimene chimalandira anthu ambiri si sofa ayi, ndi pansi. Taganizirani masiku amene nyumba imadzaza. Wachibale wagonekedwa ku Kamuzu Central Hospital, omudikirira abwera kudzagona kwanu. Kwagwa zovuta, anthu a kumudzi atsikira pakhomo panu. Ndi tsiku lanu lolandira mlaga kapena mphakati. Masiku amenewo azimayi timapempha mkeka, titambasule miyendo. Malo amene sofa ya anthu atatu yakhala, pa mkeka pakwana anthu asanu ndi ana omwe, ndipo usiku pagona awiri. Sofa usiku igoneka mmodzi, iyenso adzuka ndi khosi ngati mwana wa mayiwa.

Ndiye ine kuchepetsa katundu sindikuona ngati zachizungu. Nyumba ya agogo anu kumudzi munali chiyani? Mphasa ankazipinda m'mawa n'kuziimika pakona, pansi pakhala posesa. Ife a m'tauni ndi amene tinayamba kudzaza nyumba kuti anthu aone kuti tikugwira ntchito. Mayi a Tadala, cholinga chanu chisakhale kufanana ndi chithunzi. Chikhale chakuti pakati pa balaza pazitsala malo oti muyale matiresi awiri popanda kunyamula chilichonse cholemera.

Bambo a Chikondi:
Zonse mwanenazi amayi n'zoona, koma tisaiwale abambo. Akabwera apongozi aamuna simungawaike pa mkeka, komanso simungawakhazike sofa imodzi ndi mkazi wa mwana wawo. Pamafunika mipando yoima payokha, ngakhale iwiri.

aNabanda:
Pamenepo mwalasa bambo. Mipando iwiri yoluka ija imakwanira. Ndi yopepuka, mwana akhoza kuinyamula kupita nayo pakhonde.

Nesi wa ku Leeds:
Yoluka imeneyo kuno ku UK imagulitsidwa m'masitolo a zokongoletsa m'nyumba ndi dzina lakuti Malawi chair, pa mtengo woti simungakhulupirire. Kumudziko timaidutsa m'mbali mwa msewu osaiyang'ana.

Asisi a Tadala, ndikuuzeni za miyezo kuti musadzione ngati mukulephera kukonza m'nyumba. Ku England kuno muyezo umene boma linatulutsa mu 2015 wa nyumba zatsopano umati chipinda cha munthu mmodzi chisachepere masikweya mita 7.5, cha anthu awiri chisachepere 11.5. Chanucho ndi 10.5 ndipo mukugonamo atatu, cha anacho ndi 9. Ndiye zipindazo n'zochepadi, sentimita iliyonse ndi yofunika. Bedi lanu ndi lotani? Queen ndi masentimita 152 mulifupi, double ndi 137. Kusiyana kwa 15 kumeneko kumaoneka kochepa, koma ndi kumene kumachititsa kuti chitseko cha wadilopu chitseguke kapena chigunde bedi.

Ife tili m'fulati ya zipinda ziwiri ndi ana awiri. Chimene chimatithandiza ndi lamulo limodzi: chinthu chikalowa, china chituluke. Mwana akalandira nsapato zatsopano, zakale zipite kwa wina sabata yomweyo. Kumudziko lamuloli n'lofunika kwambiri chifukwa cha kaunjika. Malaya ndi otchipa limodzilimodzi, umangoti ndigule kamodzika, chaka chikamatha wadilopu sakutsekeka.

Mayi a Tadala:
Bedi ndi queen asisi, lokhala ndi headboard yaikulu ndi timakabati tiwiri m'mbali. Ndipo n'zoona, chitseko chimodzi cha wadilopu chikutseguka theka.

Nesi wa ku Leeds:
Yambani mwachotsa timakabatito ndi headboard muone. Matiresi musathamangire kugulitsa pomwe wamng'onoyo akugonabe pakati.

Achimwene a ku Rosettenville:
Ife a ku Joni kuno nkhani ya malo ochepa timaidziwa. Ambiri timagawana chipinda chimodzi, malire ake katani. Chimene ndaona n'chakuti chimadzaza chipinda si katundu amene tikugwiritsa ntchito, koma amene tikusunga: makatoni odikira thiraki ya ku Malawi, mabulangete ali m'zikwama zawo, wailesi yakufa yoti tidzakonzetsa. Achemwali, tsegulani masutikesi ali pamwamba pa wadilopuwo muone zili mkatimo. Mupeza zitenje za maukwati a kalekale, mayunifolomu amene ana anawapitirira, mawaya a mafoni amene anatayika.

China, musakopeke ndi makabati owala aja a chipboard amene timatumiza kuchokera kuno. Akangokhudza madzi pokolopa amafufuma pansi, ndipo mukasamuka nawo kawiri zomangira zake zimazuka. Pa lendi munthu umasamuka, ndiye bola thabwa lenileni.

Bambo a Yamikani:
Achimwene anena zoona za chipboard. Tsono ndinene mmene ndingakonzere ine ikanakhala nyumba yanga.

Mnyamatayo ali ndi zaka 11, sangagone chipinda chimodzi ndi mtsikana wa Fomu 2. Ndiye balaza ndi chipinda chake usiku, tivomereze zimenezo n'kumupangira pogona pabwino. M'malo mwa sofa ya anthu atatu, papangidwe bedi la single lotsamira khoma, matiresi ake masentimita 91 ku 188, la thovu lolimba. Masana muyalapo nsalu yokhuthala n'kuika mapilo akuluakulu kukhoma, ndi sofa imeneyo, anthu atatu akhala bwinobwino. Pansi pake madilowa awiri akuya: lina zofunda ndi neti, lina zovala zake. Mwana akhale ndi malo amene akudziwa kuti ndi ake. Ma sofa bed opinda a zitsulo aja sindikulimbikitsani, chitsulo chake chikapindika kuchikonza n'kovuta.

Kwa atsikanako bedi losanjikiza. Pansi pakenso madilowa. Likatenga masentimita 100 a khoma limodzi, patsala malo a wadilopu ndi poyala matiresi pakabwera mlendo wamkazi.

Tebulo la mipando 6 lichoke. Papangidwe lopinda, lomangirira kukhoma ndi mahinjesi, mita ndi masentimita 20 ku 70. Mukalipinda limatuluka pakhoma masentimita 10 okha. Mipando yake ikhale masitulu osanjikizana.

Mawadilopu anuwo ndikukhulupirira amalekera pa mamita 1.8 kapena 2, pamwamba pake n'kumangounjika zinthu ndi fumbi. Wonjezerani kabati ya pamwamba yofika kudenga, yokhala ndi zitseko. Katundu yemweyo akakhala kuseri kwa chitseko, maso amapuma.

Mayi a Pemphero:
Bambo a Yamikani, matabwa ake ati? Wina anandipangira shelefu ya paini, isanathe miyezi ingapo inapindika.

Bambo a Yamikani:
Anakupangirani ndi thabwa losauma mayi. Paini wa ku Chikangawa kapena wa ku Zomba alibe vuto akauma bwino, ndipo ndi wopepuka, woyenera kukwera naye masitepe. Wauwisi mumamudziwa polemera ndi pozizira mukamugwira. Pa zitseko ndi mashelefu ataliatali bola blockboard, monga ya Raiply, chifukwa sipindika msanga. Bolodi limodzi ndi masentimita 122 ku 244, ndiye uzani kalipentala wanu ayeze katunduyo motsatira bolodi kuti pasakhale zotaya zambiri. Shelefu ikapitirira masentimita 80 popanda chochirikiza pakati, mabuku aipinda ndithu. Mlombwa ndi mbawa ndi zokongola komanso zokhalitsa, koma n'zodula ndi zolemera.

Aphunzitsi a ku Zomba:
Ndiwonjezerepo kuti wina akakuuzani kuti ali ndi mkungudza wa ku Mulanje wotchipa, mukane. Anthu amaukonda chifukwa chiswe sichiudya komanso umanunkhira, koma mtengowu unatsala pang'ono kutheratu m'phirimo, ndipo kuudula n'koletsedwa. Ndi mtengo wa fuko lathu kuyambira 1984.

Koma funso langa ndi lina. Tonse tikukamba za mipando. Nanga chimanga? Madzi? Makala? Ku 25 kunali sitolo. Pa zithunzi za pa Pinterest sindinaonepo thumba la chimanga.

Mayi a Tadala:
Aphunzitsi mwandifika pamtima. Matumba 8 ochokera kumunda ku Mchinji ali m'kolido ya pakati pa zipinda, zigubu zinayi zili ku bafa, thumba la makala pakhonde.

Aphunzitsi a ku Zomba:
Matumba 8 a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 400, m'fulati ya m'mwamba, pa njira yopita kuchipinda cha ana. Ngati kumudzi kapena kwa m'bale kuli posunga podalirika, musunge awiri okha m'nyumbamo, ena azibwera pang'onopang'ono. Ndipo muwathire m'matumba a PICS aja okhala ndi mapulasitiki awiri mkati. Mukamanga bwino mpweya sulowa, anankafumbwe amafa okha, simufunikanso kuthira mankhwala m'nyumba mogona ana. Chimangacho chikhale chouma ndithu musanamange. Muwaike pa timatabwa, asakhudze pansi kapena khoma, makamaka nyengo ya mvula.

Achimwene a ku Rosettenville:
Zigubu muzipangire benchi ya bokosi pakhonde kapena m'khitchini. Mkati zigubu, pamwamba pokhala.

Bambo a Yamikani:
Zimatheka, koma likhale lotsegula kutsogolo, osati pamwamba. Chigubu cha malita 20 chikadzaza ndi makilogalamu 20, kuchizula m'bokosi tsiku lililonse msana upweteka. Pansi pake tisiye mipata kuti madzi otayika aziuma.

Nesi wa ku Leeds:
Pa makalapo ndilankhule ngati wa chipatala. Mbaula isalowe m'fulatimo, ngakhale mu Juni kukuzizira chotani, ngakhale magetsi azime pakati pa kuphika. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, suoneka, sununkha, munthu amangomva mutu ndi tulo basi osadzukanso. Nyumba yaing'ono yotseka mawindo imadzaza msanga. Ngati muli ndi silinda ya gasi, ikhale choimirira pamalo popita mphepo, osati m'kabati yotsekeka, chifukwa gasi akamadontha amatsikira pansi n'kuunjikana.

Za bedi losanjikiza, mwana wosakwana zaka 6 asagone pamwamba. Wa zaka 3 uja adzafuna kukwera, ndiye makwerero ake akhale ochotseka masana. Muganizirenso neti. Bedi lililonse likhale ndi pokoleka pake kuyambira pa pulani, la pabalaza lomwe, kuti mnyamatayo asamagone opanda neti chifukwa choti ikuipitsa balaza.

Wophunzira ku MUBAS:
Moni makolo anga. Ine ndikuphunzira zojambula mapulani a nyumba ku Blantyre kuno, ndiye nkhaniyi yandikoka. Zimene amayi aNabanda anena za mphasa ndi zimenenso zili m'nyumba za makolo a ku Japan, komwe anthu ambiri okonda minimalist amatengera nzeru. Iwo amagona pa futon, kamatiresi kopyapyala koyala pansi, m'mawa amakapinda n'kukaika m'kabati ya m'khoma. Chipinda chomwecho masana n'chochezera ndi kudyera. Ngakhale kukula kwa chipinda amawerenga ndi mikeka yawo yotchedwa tatami, umodzi ndi pafupifupi masentimita 90 ku 180. Mfundo yake ndi yakuti chipinda chimodzi chizigwira ntchito zingapo, katundu asachimange kuti chikhale cha ntchito imodzi.

Kuyera mbee kuja kunachokera kwina, ku mayiko ngati Sweden ndi Denmark, komwe nyengo yozizira dzuwa limalowa masana ndipo amafuna chilichonse chobweza kuwala. Ife dzuwa tili nalo lokwanira, chimene tili nacho chochuluka ndi fumbi lofiira la mu Seputembala ndi Okutobala. Sofa yoyera ku Lilongwe, ndi mwana wa zaka 3, ndi ntchito yochapa sabata iliyonse. Khoma likhale la kirimu kapena loyera mopita ku mchenga, penti yake yochapika. Nsalu ya pa bedi la pabalaza ikhale yoderako, ya mtundu umodzi. Kenako musankhe chitenje chimodzi chimene mumachikonda, chikhale cha mapilo onse. Nyumba zambiri zimaoneka zodzaza chifukwa makatani ali ndi maluwa awo, kapeti maluwa ake, sofa maluwa ake, madoilo pamwamba.

Makatani mupachike pafupi ndi denga, ndodo yake ipitirire windo mbali zonse kuti mukatsegula galasi lonse lizionekera. Kalilole wamkulu moyang'anana ndi windo amawalitsa chipinda. Mababu a LED a 9W akukwanira, koma pabalaza sankhani owala mopita ku chikasu, olembedwa warm white, a 2700K kapena 3000K. A 6500K aja ndi abwino kukhitchini ndi powerengera.

aNajere:
Mwana wanga walankhula bwino, koma madoilo asiye. Ndinaluka ndekha.

Wophunzira ku MUBAS:
Pepani amayi, sindimanyoza. Limodzi lokongola pa tebulo limaoneka, anthu n'kufunsa analuka ndani. Akakhala pa mkono uliwonse wa sofa palibe amene amaliona.

Mayi a Tadala:
Zikomo nonse, ndikulemba m'kope. Koma pali chimene sindinanene. Display ija anatigulira apongozi anga aakazi pa ukwati wathu, atagulitsa fodya wa chaka chimenecho. Amabwera kuno pafupipafupi kudzaonana ndi adokotala a shuga, ndipo akalowa amayamba aigwira, n'kupukuta galasi ndi nsonga ya chitenje chawo. Sindikudziwa kuti ndingawayang'ane bwanji akadzapeza palibe.

aNajere:
Mwaonatu. Izi ndi zimene ndimanena ine.

aNabanda:
Imeneyo isachoke mayi. Nkhani yatha pamenepo. Mtendere ndi apongozi ndi wodula kuposa malo amene yakhalawo.

Bambo a Yamikani:
Ndiponso pa masamu aja display si imene ikudya malo. Ngati ndi ya mamita 1.8 ku masentimita 45, sikukwana ngakhale sikweya mita imodzi, ndipo ikukwera m'mwamba, zomwe ndi zimene timafuna m'nyumba yaing'ono. Akuba malo ndi tebulo ndi masofa. Display ingopatsidwa ntchito. Makabati a m'munsi mulowe mabuku ndi zikwama za sukulu, mbale zodyera tsiku ndi tsiku pakati, kuti kukhitchini kupepukidwe. Pagalasi patsale zinthu zochepa zimene amayiwo akuzidziwa.

Koma muimangirire kukhoma ndi tizitsulo tiwiri ta L pamwamba. Mwana akatsegula dilowa n'kupondapo kuti afikire china chake, kabati yaitali imamugwera.

Nesi wa ku Leeds:
Zimenezo si zongoopseza. Mu 2016 kampani ya IKEA inauza anthu ku America kuti abweze kapena amangirire kukhoma makabati a madilowa okwana 29 miliyoni, ana atamwalira chifukwa chogweredwa. Wadilopu, display, ngakhale TV, zonse zimangiriridwe. TV mukaipachika pakhoma mwachotsanso katebulo kake.

Mayi a Pemphero:
Musanaboole khoma kapena kupenta, funsani eni nyumba, ndipo akavomera akulembereni ngakhale pa WhatsApp pomwepo. Ine ndinaona mnzanga akumudula dipoziti yonse potuluka chifukwa cha mabowo, pomwe anagwirizana pakamwa. Ambiri amavomera mukawalonjeza kuti mudzatseka ndi filler n'kupenta.

Bambo a Chikondi:
Nanga bambo a Tadala akuti chiyani pa zonsezi? Masofa aja mwina anagula ndi ngongole ya kuntchito, amawaona ngati thukuta lawo. Mukangowadzidzimutsa kuti pagulu anena tigulitse, zivuta.

Mayi a Tadala:
Tebulo avomera kale chifukwa amaligunda ndi bondo usiku uliwonse. Masofa ndiye akukana, akuti zinthu zinakwera kwambiri chitsikireni kwacha mu Novembala 2023, tikagulitsa sitidzagulanso ena ngati amenewa tikadzamanga yathu.

Bambo a Chikondi:
Ali ndi mfundo. Ndiye musagulitse, musungitse kwa m'bale amene ali ndi malo, aziwagwiritsa ntchito. Ya anthu awiri itsale kuti bambo asaone ngati zonse zapita. Muwaonetse masamu a Bambo a Yamikani aja, komanso muwakumbutse za khosi la mwana. Abambo timamva msanga nkhani ikakhala ya mwana kusiyana ndi ya kukongola kwa nyumba.

aNabanda:
Sofa yosungitsa imabwera itatha, zimenezo adziwiretu. Thovu limaphwa, nsalu imasuluka, makoswe amalowa. Ine ndikanagulitsa n'kulipira kalipentala. Koma zimenezo akambirane awiri m'nyumba mwawo.

Mayi a Pemphero:
Kukhitchini sitinafikeko. Amene tinapanga kitchen top-up tikudziwa mmene zimakhalira: mafulasiki asanu, mapoto maseti atatu, mabeseni osawerengeka. Pa moto mumaika mapoto angati nthawi imodzi? La nsima, la ndiwo, la masamba, ndi lina la madzi. Tsalani ndi seti imodzi yabwino ndi poto mmodzi wamkulu wa alendo. Mapoto akuluakulu a pa zikondwerero aja ife tinawapereka ku gulu la amayi a mpingo, amene akufuna amakabwereka, nanenso ndikafuna ndimakatenga. Mithiko, zipande ndi sefa zipachikidwe pa kandodo kukhoma. Malichero nawonso pakhoma, amakongoletsa okha osagula chilichonse.

aNajere:
Mphatso za anthu kuzipereka kwa ena, eni ake akamva?

Mayi a Pemphero:
Fulasiki sakhala ndi dzina amayi. Ya apongozi ija ndi ina, ija ili ndi nkhani yake. Koma fulasiki wachitatu wofanana ndi anzake, bola akamwere tiyi mwana wa m'bale amene akuyamba kumene banja.

Aphunzitsi a ku Zomba:
Mtsikana wa Fomu 2 uja akulemba JCE chaka chino. Tebulo lopindalo likhala lodyera, lolembera homuweki ana awiri, ndiponso pafupi ndi pogona mnyamata ndi TV. Iyeyu afunika pake powerengera usiku. Kathabwa kopinda m'chipinda cha atsikana pansi pa windo, masentimita 80 ku 45, ndi nyale yotchaja ya magetsi akazima. Musamuiwale chifukwa ndi wofatsa, ana okhala kwa abale sapempha.

Mayi a Tadala:
Aphunzitsi zikomo, zimenezo ndiziika poyamba. Zidole za wamng'onoyu ndaganiza zogula dengu limodzi la chivindikiro pa msewu wa ku Salima, zimene sizikwanamo zipite kwa ana a kumudzi. Bambo a Yamikani, ndiyambe ndi chiti pa zopangitsazi? Ndalama sizingakwane zonse mwezi umodzi.

Bambo a Yamikani:
Musayambe ndi kupangitsa. Yambani ndi kutulutsa, chifukwa n'kwaulere. Tebulo ndi masofa zikachoka, tengani choko kapena tepi ya mapepala mujambule pansi pomwe pakhale bedi la mnyamata ndi tebulo lopinda, mukhale nazo choncho masiku angapo, muziyenda mozungulira mizereyo. Njira yodutsa isachepere masentimita 75. Mukaona kuti zikuyenda, loyamba bedi la mnyamata, lachiwiri losanjikiza, makabati a pamwamba pomalizira.

Ndipo kalipentala aliyense amene mumutume, abwere ayeze yekha chitseko cha fulati ndi pokhotera masitepe. Bedi losanjikiza likhale la mabawuti, lomasula, osati lokhoma ndi misomali ndi guluu. Ndaonapo bedi lokongola likubwerera pa ngolo chifukwa lakana kukhota pa masitepe.

Mayi a Tadala:
Masitepe athu ndi opapatizadi, wadilopu anachita kuikweza ndi zingwe pakhonde. Ndiyeza mawa ndikachoka kuntchito, ndidzaika miyezoyo pompano.

aNajere:
Mayi a Tadala, tebulo lija musaliike kaye pa Facebook. Mwana wanga wamkazi akulowa m'banja mu Okutobala ndipo nyumba apeza ku Area 49 ili ndi podyera pakepake. Nditumizireni chithunzi kumbali, tikambirane mtengo.